Momwe mungakonzere ulendo wokaona chipululu cha Namib

Chipululu cha Namib chatambalala m'mbali mwa nyanja ya Atlantic mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000, kuyambira kummwera kwa Angola, kudutsa gombe lonse la Namibia, mpaka kukalowa m'dziko la South Africa. Akatswiri a za nthaka amati derali lakhala louma kwa zaka zosachepera 55 miliyoni, ndipo n'chifukwa chake ambiri amalitcha chipululu chakale kwambiri padziko lonse. Amene sanafikeko amaganiza kuti kulibe choona koma mchenga wokhawokha, komabe amene anagonako ngakhale usiku umodzi amabwerako ali ndi zokamba zambiri. Chimene ndinaphunzira kumeneko, chomwenso chatsogolera malangizo onsewa, n'chakuti ulendo wa m'chipululu umakoma kapena kuwonongeka chifukwa cha nthawi. Zokongola zake zimaoneka m'mamawa ndi madzulo, masana dzuwa limalanga, ndipo mitunda yake ndi yaitali moti munthu wofuna kuona zonse m'masiku ochepa amathera tchuthi chonse ali pachiwongolero.

Gawo loyamba: sankhani nyengo

Miyezi yabwino ndi ya pakati pa Meyi ndi Seputembala. Pa nthawi imeneyi masana kumatentha mopiririka, kumwamba kumakhala kopanda mitambo, koma usiku kumazizira kwambiri moti nthawi zina madzi osiyidwa panja amatsala pang'ono kuundana. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale kutentha kwa mkati mwa chipululu kumadutsa madigiri 40, ndipo mchenga umawotcha mapazi nthawi ya kadzutsa isanathe n'komwe. Ngati tchuthi chanu chimapezeka m'miyezi yotenthayo, ulendo ndi wotheka ndithu, koma zoyenda pansi zonse muzizitsiriza 10 koloko m'mawa isanakwane.

Kugombe nyengo ndi ina. Madzi ozizira otchedwa Benguela, amene amayenda m'nyanjamo kuchokera kummwera kulowera kumpoto, amaziziritsa mpweya moti mvula siipangika, ndipo m'malo mwake kumachita nkhungu yokhuthala imene imakuta matauni a Swakopmund ndi Walvis Bay m'mawa wambiri pa chaka. Munthu akhoza kuchoka ku Sesriem, kamudzi ka mkati mwa chipululu, atavala malaya opyapyala n'kukafika kugombe madzulo akufunafuna juzi. M'miyezi yozizira kumabweranso mphepo ya kummawa, yotentha ndi yodzaza mchenga, imene imatha kuwomba masiku angapo.

Dziwaninso kuti kuyambira Julayi mpaka Okutobala alendo ochokera ku Ulaya amachuluka, choncho malo ogona a ku Sesriem amadzaza kudakali miyezi ingapo. Mu Disembala ndi Januwale eni dziko nawo amakhamukira ku Swakopmund kuthawa kutentha kwa ku Windhoek, likulu la dzikolo. Ine ndimakonda Meyi ndi Juni, chifukwa anthu amakhala asanachuluke ndipo kumwamba kumakhala koyera bwino.

Gawo lachiwiri: sankhani malo ochepa

Tengani mapu muwerenge makilomita musanalembe mndandanda wa malo. Kwa munthu wopita koyamba amene ali ndi sabata imodzi, njira yoyenera ndi yozungulira: kuchoka ku Windhoek kupita ku Sesriem, komwe kuli chipata cholowera ku Sossusvlei, dera la mapiri ofiira a mchenga, kugona kumeneko masiku awiri, kenako kuwoloka chipululu kupita kugombe, kugona ku Swakopmund masiku atatu, n'kubwerera ku Windhoek pa msewu wa phula, ulendo wa makilomita pafupifupi 360. Musavomere kugona ku Sesriem usiku umodzi wokha. Mumafika madzulo mutatopa, m'mawa mwake mumathamangira kumapiri a mchenga, masana omwewo n'kuyambanso ulendo wa maola asanu kapena kuposerapo pa msewu wa miyala, ndipo ngozi zambiri za alendo zimachitika pa kutopa kotereku. Lüderitz ndi Kolmanskop, zimene zili kutali kummwera, zimafuna masiku ena atatu oonjezera, ndipo ngati mulibe masikuwo ndi bwino kuzisiyira ulendo wina.

Mukagwirizana za masiku, chinthu choyamba kulipira chikhale malo ogona a ku Sesriem, ndipo zina zonse zizitsatira tsiku limene mwapeza malowo. Chifukwa chake ndachifotokoza m'gawo lachisanu ndi chimodzi.

Gawo lachitatu: mapepala, ndalama ndi njira yofikira

Pasipoti yanu ikhale yotsala ndi miyezi yosachepera 6 isanathe ntchito, komanso ikhale ndi masamba opanda chidindo. Nzika za Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa zimalowa mu Namibia kukacheza popanda visa, koma amene ali ndi pasipoti ya Britain akhala akufunika visa kuyambira pa 1 Epulo 2025, choncho banja lokhala ku London limene ana ake ali ndi mapasipoti a kumeneko likonzeretu zimenezi. Ngati mukuyenda ndi ana osakwana zaka 18, tengani zikalata zawo za kubadwa zoonetsa mayina a makolo onse awiri, ndipo ngati kholo limodzi latsala, litsimikize mwa kalata yolumbirira kuti lavomereza ulendowo.

Ndalama ya dzikolo ndi dola ya Namibia, imene mphamvu yake ndi yofanana ndendende ndi randi ya South Africa, ndipo randi imalandiridwa m'sitolo iliyonse. Makhadi a banki amagwira ntchito m'matauni ndi m'malo ambiri ogona, koma sungani ndalama zina m'thumba chifukwa makina a kumidzi ya m'chipululu amadalira netiweki imene imatha kudukaduka.

Pa ndege, njira yodziwika ndi yodzera ku Johannesburg, kumene mungakwere yopita ku bwalo la Hosea Kutako, lomwe lili makilomita pafupifupi 45 kummawa kwa Windhoek, kapena yopita ku Walvis Bay ngati mukufuna kuyambira kugombe. Pa msewu, wochokera ku Lilongwe amadzera ku Mchinji, Chipata, Lusaka ndi Livingstone, n'kukawoloka Zambezi pa mlatho wa ku Sesheke, umene unatsegulidwa mu 2004, kulowa ku Katima Mulilo. Kuchoka pamenepo msewu wa B8 umadutsa Rundu ndi Grootfontein, ndipo kukafika ku Windhoek ndi makilomita pafupifupi 1,200. Uwu ndi ulendo wa masiku atatu kapena anayi mbali imodzi yokha. Galimoto yakunja imalipira msonkho wa msewu polowa, ndipo risiti yake isungeni bwino chifukwa apolisi amaifuna pa malodibuloko. Pakati pa Rundu ndi Grootfontein pali chipata cha a zaumoyo wa ziweto pamalo otchedwa Mururani, pomwe nyama yaiwisi siiloledwa kudutsa kupita kummwera, choncho nyama yowotcha mukagule kutsogolo. Kumpoto kumeneku kuli malungo, koma m'chipululu mwenimwenimo mulibe.

Gawo lachinayi: galimoto ndi msewu

Ku Namibia amayendetsa kumanzere, ndipo laisensi yolembedwa m'Chingerezi imalandiridwa. Vuto lili pa msewu wa miyala. Misewu yambiri ya m'chipululu ndi yotakata, yowongoka ndi yooneka yosalala, ndipo zimenezi zimanyenga dalaivala kuti aponde moto, koma matayala sagwira pansi pa timiyala monga amagwirira pa phula. Mukakhota mwadzidzidzi kapena kuponda mabuleki mwamphamvu, galimoto imatsetsereka chammbali, tayala n'kukumba m'mphepete mwa msewu, basi yagubuduka. Makampani ambiri obwereketsa magalimoto amaletsa kupitirira makilomita 80 pa ola pa misewu imeneyi ndipo amaika makina olemba liwiro lanu, koma pomwe msewu wachita tizitunda ngati malata, kapena pomwe ukutsikira mu mtsinje wouma, ngakhale 60 ndi liwiro lalikulu.

Bwerekani galimoto yokwera m'mwamba, makamaka yokoka mawilo onse anayi, ndipo musanasaine pepala chitani zinthu izi mosathamanga. Funsani ngati inshuwalansi ikuphimba matayala, galasi lakutsogolo, ndi ngozi yochitika popanda galimoto ina, chifukwa zitatuzi n'zimene zimachitikachitika ndipo nthawi zambiri sizikhala m'mgwirizano wamba. Onani matayala onse ndi maso anu, pemphani matayala awiri apadera, ndipo muuze wokupatsani galimotoyo akuonetseni pomwe pali jeke, sipanala ndi pampu, komanso mpweya umene kampaniyo imafuna m'matayala pa miyala ndi pa phula. Ine tayala linandiphulikira pakati pa kamudzi ka Solitaire ndi mtsinje wa Kuiseb dzuwa lili paliwombo, ndipo ndinatha theka la ola ndikufufuza kachitsulo kotsitsira tayala lapadera kamene kanali kuseri kwa mpando wakumbuyo. Pa nthawi yonseyo panadutsa galimoto imodzi yokha. Mphindi zisanu za kufunsa ku Windhoek zikanandipulumutsa ku zonsezo.

Thirani mafuta pa malo aliwonse amene mwawapeza, ngakhale thanki ikhale yoposa theka. Yatsani magetsi a galimoto masana omwe kuti okumana nawo akuoneni m'fumbi, ndipo mukamapambana ndi galimoto ina chepetsani liwiro kuti timiyala tisaswe galasi. Musayende usiku, popeza nyama zimadumphira mumsewu mosayembekezereka. Galimoto ikawonongeka, khalani pomwepo pamthunzi wake n'kudikira, osayamba kuyenda pansi kukafuna thandizo, chifukwa galimoto imaoneka patali pamene munthu woyenda yekha saoneka, ndipo amatha madzi msanga.

Pochoka ku Windhoek kupita ku Sesriem, womwe ndi mtunda woposa makilomita 300, mudzadzera ku Rehoboth n'kusiya phula. Njira yotsikira pa Spreetshoogte imaonetsa chigwa chonse cha Namib chili pansi panu, ndipo ndi yoyenera kuimapo, koma ndi yotsetsereka kwambiri moti muyenera kutsika ndi giya yaing'ono. Okoka ngolo adzere ku Remhoogte.

Gawo lachisanu: katundu

Madzi ndiwo katundu woyamba. Werengerani malita 4 kapena 5 pa munthu aliyense tsiku lililonse, ndipo m'galimoto musungemo chigubu china cha malita 20 chosakhudzidwa, choyembekezera tsiku la vuto. Mpweya wa kumeneko ndi wouma moti thukuta limauma musanalione, choncho imwani pafupipafupi musanamve ludzu, ndipo mutu ukayamba kuwawa dziwani kuti thupi lasowa kale madzi. Tengani chipewa chotambalala, magalasi a dzuwa, mafuta oteteza khungu ndi opaka pamilomo, malaya a manja aatali, nsapato zotseka, juzi yokhuthala ndi tochi. Chitenje chimathandiza kwambiri kuphimba nkhope mphepo ya mchenga ikayamba. Masoketi a magetsi a ku Namibia ndi a mapini atatu obulungira ngati a ku South Africa, choncho wochokera ku Malawi, Zambia kapena Britain agule adaputa. Gulani simu ya kampani ya mafoni ya MTC mukangofika, koma mapu muwasungiretu m'foni, chifukwa mukangochoka m'tauni netiweki imasowa kwa maola. M'mapaki a boma majumbo apulasitiki ndi oletsedwa, ndipo kuulutsa kandege kojambulira (drone) popanda chilolezo ndi mlandu.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: Sesriem ndi m'mawa wa ku Sossusvlei

Sossusvlei ili m'paki ya Namib-Naukluft, imene kukula kwake kumayandikira masikweya kilomita 50,000, ndipo chigawo chake cha mchenga chinaikidwa ndi UNESCO pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2013. Pa Sesriem pali zipata ziwiri. Chakunja chimatsegulidwa dzuwa likamatuluka n'kutsekedwa likamalowa, pamene chamkati chimatsegulidwa kudakali ola limodzi dzuwa lisanatuluke. Ogona pakati pa zipata ziwirizi, monga pa malo omanga matenti a Namibia Wildlife Resorts, amanyamuka kudakali mdima n'kukafika pa mapiri a mchenga dzuwa lisanatuluke, koma ogona kunja amadikira pamzere n'kukafika kuwala kokoma kuja kutayamba kutha. Ichi ndicho chifukwa chake ndinati malo amenewa muwalipire poyamba.

Mukafika masana, lipirani chilolezo cholowera m'paki ku ofesi, chomwe chimawerengedwa pa munthu ndi pa galimoto tsiku lililonse, kuti m'mawa musataye nthawi. Dzuwa likapendeka pitani ku chigwembe cha Sesriem, chimene chili pafupi ndi chipata. Mtsinje wa Tsauchab unachikumba mozama mamita pafupifupi 30, ndipo pansi pake pamakhala mthunzi wozizira. Dzinalo ndi la Chiafrikaans, lotanthauza zingwe zisanu ndi chimodzi, chifukwa apaulendo akale ankalumikiza zingwe zachikopa zisanu ndi chimodzi kuti chidebe chifike pa madzi. Kenako mukaonere kulowa kwa dzuwa pa phiri la mchenga la Elim, makilomita 5 okha kuchokera pa msasa. Usiku zimitsani tochi kwa kanthawi muyang'ane kumwamba. Dera loyandikana nalo la NamibRand linalandira mu 2012 ulemu wa padziko lonse chifukwa cha mdima wa thambo lake, ndipo nyenyezi za kumeneko zimachuluka moti zimene munazizolowera zimavuta kuzipeza pakati pa zinzake. Chakudya ndi nsapato musazisiye kunja kwa tenti chifukwa nkhandwe zimatola, ndipo m'mawa gwedezani nsapato musanavale poopa zinkhanira.

Dzukani mbandakucha, mukhale pa chipata chamkati chisanatsegulidwe. Msewu wolowera ndi wa phula, wa makilomita pafupifupi 60, ndipo liwiro lololedwa ndi 60 pa ola. Litsatireni, chifukwa nthiwatiwa ndi oryx, nyama ya nyanga zazitali zowongoka yofanana ndi mphalapala, zimawoloka mumdimamo. Apa muyenera kusankha. Alendo ambiri amaima pa Dune 45, phiri la mchenga lomwe lili makilomita 45 kuchokera ku Sesriem m'mphepete mwenimweni mwa msewu, ndipo ndi losavuta kukwera kwa ana ndi achikulire. Ngati miyendo yanu ili ndi mphamvu, langizo langa n'lakuti mupitirire mpaka kumapeto, mukayambe ndi phiri lalitali la mchenga la Big Daddy ndi chigwa cha mitengo youma cha Deadvlei kusanatenthe, Dune 45 mudzaione pobwerera. Phula likatha pamatsala makilomita 5 a mchenga wakuya. Siyani galimoto yanu pamalo oimikapo n'kukwera magalimoto onyamula alendo amene amadikira pamenepo, chifukwa ngakhale galimoto yamphamvu imatitimira ikakhala m'manja mwa munthu wosazolowera mchenga.

Big Daddy ndi lalitali mamita pafupifupi 325, ndipo kukwera kwake kumatenga ola limodzi kapena kuposerapo. Yendani pamsana penipeni pa phirilo, pomwe mchenga ndi wolimbirako, ndipo muziponda m'mapazi a amene ali patsogolo panu, popeza pamenepo mchenga watsenderezeka kale ndipo phazi silibwerera m'mbuyo kwambiri. Yendani ndi timasitepe tating'ono, muzipuma kawirikawiri. Dzuwa likangotuluka, mbali imodzi ya msanawo imafiira ngati makala a moto pamene inayo ikadali yakuda bii, ndipo mzere wolekanitsa mbali ziwirizo umakhala pansi pa mapazi anu enieni. Kufiirako kumachokera ku dzimbiri la chitsulo limene lakuta kamchenga kalikonse. Mchengawo unachokera kutali: mtsinje wa Orange unaukokolola kupita nawo kunyanja, mafunde anaukankhira kumpoto, ndipo mphepo inaubweza kumtunda. Mukaima kuti mupume, yang'anani pansi. Mudzaona timizere ta mapazi a tizikumbu, abuluzi ndi mbewa zimene zinayenda usiku, zonse zitalembeka bwinobwino pa mchenga umene mphepo idzausalaze masana asanafike.

Mukafika pamwamba, tsikirani mbali yotsetsereka yoloza ku Deadvlei. Mapazi amalowa mpaka m'akakolo, mchenga umalira pansi panu, ndipo mtunda umene munaukwera ola lathunthu mumautsika m'mphindi zochepa. Pansipo mudzaponda dothi loyera, louma, long'ambikang'ambika ngati pansi pa dambo m'chilimwe. Kale madzi a Tsauchab ankafika pamenepa ndipo mitengo ya minga ya mtundu wa mthethe inamera, koma milu ya mchenga inatseka njira ya mtsinjewo, mitengoyo n'kufa zaka 600 kapena 700 zapitazo. Chifukwa cha kuuma kwa mpweya siinawole, ndipo idakaimabe, yakuda chifukwa cha dzuwa. Musaikhudze, musaitsamire, musaikwere pofuna chithunzi, pakuti nthambi imodzi ikathyoka palibe china chidzamere m'malo mwake. Amene sakufuna kukwera phiri akhoza kufika ku Deadvlei poyenda mtunda wa kilomita imodzi kuchokera poimika magalimoto. Nthawi ikamakwana 11 koloko mukhale mutabwerera pamthunzi, ndipo musayese kuyenda opanda nsapato ngakhale mchenga unali wozizira pamene munkayamba.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: kuwoloka kupita kugombe

Nyamukani m'mawa. Solitaire ili makilomita pafupifupi 80 kuchokera ku Sesriem, ndipo ndi malo otsiriza kupeza mafuta, chakudya ndi okonza matayala musanayende makilomita ena pafupifupi 230 pa msewu wa C14 kukafika ku Walvis Bay. Panjira mudzadutsa chikwangwani cha Tropic of Capricorn, kenako msewu umakhotakhota m'zigwembe za Gaub ndi Kuiseb, pomwe muyenera kuyenda pang'onopang'ono. Mtsinje wa Kuiseb, ngakhale umakhala wouma pafupifupi chaka chonse, ndiwo malire a chipululu cha mchenga: madzi ake akasefukira amakokolola mchenga umene unayamba kuwoloka, motero kummwera kwake kuli mapiri ofiira pamene kumpoto kuli chigwa cha miyala. Kumunsi kwa mtsinjewu kumakhala anthu a mtundu wa Topnaar, amene akhala akukolola kwa zaka mazanamazana chipatso chaminga cha !nara, chooneka ngati kavwende, chomwe njere zake zimadyedwa ngati mtedza.

Gawo lachisanu ndi chitatu: masiku a kugombe

Walvis Bay ndi doko lalikulu la dzikolo, ndipo linakhalabe m'manja mwa South Africa mpaka 1994, patatha zaka zinayi Namibia italandira ufulu. Dziwe lake la madzi amchere limadzaza ndi mbalame za flamingo ndi avuwo, ndipo mukhoza kuziona mutangoima m'mbali mwa msewu wa m'mphepete mwa madzi osalipira kalikonse. Kuchokera pano mabwato amanyamula alendo m'mawa kupita ku Pelican Point, komwe kuli nyama za m'nyanja zotchedwa seal, ndipo ena amapalasa timabwato ta munthu mmodzi kapena awiri pakati pa ana a nyamazo. Ulendo wa ku Sandwich Harbour, kumene mapiri a mchenga amagwera m'nyanja mwachindunji, ndi wosaiwalika, koma mupite ndi madalaivala a komweko. Njira yake ndi kampata kakang'ono pakati pa mchenga ndi mafunde, kamene kamatsekeka madzi akakwera.

Swakopmund ili makilomita oposa 30 kumpoto, ndipo ndi kumene kuli masewera ambiri. Kutsetsereka pa mchenga ndi thabwa kuli mitundu iwiri: kogona chafufumimba, kumene aliyense angakuthe tsiku loyamba lomwe, ndi koimirira, kumene kumafuna kuphunzira. Kuli njinga zamoto za mawilo anayi, kukwera ngamila, njinga zakapalasa za matayala onenepa, komanso kudumpha m'ndege ndi parachuti. Pa njinga zamoto, valani chisoti, tsatirani mzere wa wotsogolera, ndipo musapatuke, chifukwa kuseri kwa kamtunda kooneka kofatsa kumatha kukhala phompho, komanso m'zigwa za miyala za kugombe mbalame yaing'ono yotchedwa Damara tern imaikira mazira pansi penipeni.

Ngati ndalama zikulolani chinthu chimodzi chokha, sankhani ulendo wa m'mawa woona tizamoyo ta mumchenga. Wotsogolera amayendetsa galimoto pang'onopang'ono akuwerenga mapazi, kenako amaima, kugwada, n'kufukula ndi dzanja. Ndinaona akutulutsa nalimata wa khungu loonekera mkati, wa zala zolumikizana ngati za bakha, amene amakumba nazo mchenga. Patsogolo pang'ono anatilozera pansi pa chitsamba pomwe ife sitinkaona kanthu, mpaka tinazindikira timaso tiwiri tili pamwamba pa mchenga: inali njoka yaing'ono ya mtundu wa mphiri imene imadzikwirira yonse ndipo imayenda chammbali. Palinso kachikumbu kakuda kamene m'mawa wa nkhungu kamakwera pamsana pa phiri, n'kuzondoka mutu pansi, kuti madontho ogwera pamsana pake atsetserekere kukamwa. Mukaona zimenezi mumamvetsa kuti nkhungu ija imene imakubisirani dzuwa kugombe ndiyo mvula ya chipululu chino.

Tsiku lina tengani chilolezo ku ofesi ya unduna woona zachilengedwe m'taunimo, muyende njira ya Welwitschia kudzera ku zigwembe zotchedwa Moon Landscape. Chomera cha welwitschia, chimene Friedrich Welwitsch anachilemba mu 1859 ali ku Angola, chimakhala ndi masamba awiri okha moyo wake wonse, amene amakulabe n'kumang'ambika ndi mphepo, ndipo zina mwa zomerazi zadutsa zaka 1,000. Imani kunja kwa miyala imene yazungulira chomera chilichonse kuti musaponde mizu. M'zigwa zimenezi musachoke mumsewu ndi galimoto, popeza ndere zimene zaphimba nthaka zimakula pang'onopang'ono kwambiri ndipo mkwasa wa tayala umaonekabe patatha zaka makumi angapo. Kumpoto, pa msewu wodutsa Henties Bay, kuli Cape Cross, pomwe Diogo Cão wa ku Portugal anaimika mtanda wa mwala mu 1486, ndipo lero pali ma seal masauzande ambiri. Fungo lake ndi lamphamvu, choncho chitenje chija chikhale pafupi. Nyanja ya kuno ndi yozizira ndiponso yokoka, motero wofuna kusambira asambire pa gombe lotetezedwa la The Mole m'tauni ya Swakopmund.

Pali malo amodzi amene ndikupemphani kuti musawadumphe. Swakopmund inakhazikitsidwa ndi Ajeremani mu 1892, ndipo nyumba zawo zokongola zidakalipo, koma pa nkhondo yopulula Aherero ndi Anama ya pakati pa 1904 ndi 1908 m'tauni yomweyi munali msasa wa akaidi mmene anthu ambiri anafa ndi njala, kuzizira ndi ntchito ya kalavulagaga. Manda awo ndi timitumbira ta mchenga topanda mayina kumapeto kwa tauni, kufupi ndi mtsinje wa Swakop, ndipo pali mwala wa chikumbutso. Dziko la Germany linavomereza mu 2021 kuti zimene zinachitikazo zinali kupulula mtundu. Pitaniko mwaulemu monga mupitira ku manda a kwanu. Madzulo ake mukhoza kupita ku Mondesa, komwe kumakhala anthu ambiri ogwira ntchito m'tauniyi, mukadye kapana, nyama ya ng'ombe yowotcha yodulidwa tizidutswa imene amaidya ndi mchere wa tsabola.

Gawo lachisanu ndi chinayi: ngati masiku alipo, ndi pobwerera

Amene ali ndi masiku oonjezera achoke ku Sesriem kulowera kummwera, mtunda woposa makilomita 450, kudzera ku Aus, komwe mahatchi akutchire amabwera kudzamwa madzi pa Garub. Makilomita pafupifupi 10 musanafike ku Lüderitz pali Kolmanskop, tauni imene inamangidwa Zacharias Lewala, wogwira ntchito pa njanji, atatola dayamondi mu 1908, ndipo anthu anaisiya m'ma 1950. Lero mchenga wadzaza m'zipinda mpaka m'mawindo. Malowa amatsegulidwa m'mawa, amafuna chilolezo, ndipo dera lowazungulira ndi loletsedwa kulowamo, choncho musadutse zikwangwani.

Pobwerera ku Windhoek kuchokera ku Swakopmund, patukani musanafike ku Usakos mukaone Spitzkoppe, phiri la mwala lotalika mamita 1,728 kuchokera pa nyanja, lomwe lili ndi zojambula zakale za pamiyala zimene amakuonetsani ndi otsogolera a m'mudzi wa pomwepo. Mukabwerera pa phula onjezerani mpweya m'matayala. Siyani tsiku limodzi lopanda zochita pakati pa kufika ku Windhoek ndi kukwera ndege, jambulani galimoto mbali zonse pamene mukuibweza, ndipo madola a Namibia amene atsala muwasinthe kukhala marandi musanadutse pa chipata cha dziko, chifukwa kunja kwa Namibia, ngakhale ku Johannesburg, masitolo sawalandira.